Mazira odzaza a phwando la Khirisimasi akundikanika, ndichite bwanji?

"Ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe. Chaka chino phwando la Khirisimasi la banja lathu lidzachitikira kwathu, ndipo tikuyembekezera anthu pafupifupi 30, ana ndi agogo omwe. Mwana wanga wamkazi anandionetsa pa Facebook zithunzi za mazira owiritsa odula pakati, odzazidwa ndi chikasu chake chosakaniza ndi mayonezi, amene amati deviled eggs. Ena anawakongoletsa kuti azioneka timitengo ta Khirisimasi. Ndinayesa Loweruka ndi mazira 6 koma zinandikanika. Posenda, choyera chimang'ambika n'kutsalira ku chigoba, chikasu chinali ndi mzere wobiriwira m'mbali mwake, ndipo chosakaniza chija chinali chamadzimadzi, chimayenderera m'mbale. Apongozi anga akuti mazira ndi mayonezi pa kutentha kuno ndidzadwalitsa anthu. Magetsi nawonso sitingawadalire. Kodi ndipitirize kapena ndingozisiya?"

Zikomo mayi chifukwa cha uthenga wanu. Pitirizani, musazisiye. Zinthu zitatu zimene zinakuchitikiranizo zimagwera aliyense amene wayamba kumene, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake chodziwika bwino. Mwachitanso nzeru kuyesa masiku akadalipo, chifukwa ambiri amayesa m'mawa wa pa 25 penipeni, nkhuku ili pamoto, alendo akugogoda pa geti. Koma mawu a apongozi anuwo muwamvere. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphikira zinkhoswe, maukwati ndi maphwando a m'maofesi, mbale ya mazirawa ndi imene ndimaiyang'anira ndi wotchi m'manja kuposa mbale ina iliyonse. Ndifotokoza chifukwa chake tikatha nkhani ya kuphika.

Ndikukhulupirira kuti mazira anu aja anali atsopano kwambiri, ndipo ndicho chinayambitsa kung'ambika. Kunsi kwa chigoba kuli kachikopa kopyapyala. Dzira likangoikiridwa kumene, choyera chake chikapsa chimamatirira kwambiri ku kachikopa kameneka, kotero mukamakoka chigoba, choyera chimatsatira. Masiku akamapita, mpweya wa carbon dioxide umatuluka kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso ta pa chigoba, asidi wa mu choyera amachepa, ndipo kumatirira kuja kumafooka. Kumbali yaikulu ya dzira kumakulanso kampata ka mpweya, komwe ndi poyambira pabwino posenda. Choncho gulani mazira anu masiku 7 mpaka 10 phwando lisanafike, titi pakati pa 15 ndi 18 Disembala, muwasunge mu firiji. Mukagula pamsika kapena pa golosale, kumbukirani kuti akhoza kukhala atakhalitsa kale pamenepo. Ayeseni m'beseni la madzi pa tsiku lophika: lomira n'kugona chammbali ndi latsopano, loima chilili pansi ndi lachikulire koma labwino, loyandama pamwamba litayeni. Losweka kapena la mng'alu musalitenge, ngakhale wogulitsa atakuchotserani mtengo. Musawatsuke posunga, chifukwa madzi amachotsa kautoto kachilengedwe kotseka timabowo tija. Dothi kapena zitosi mungopukuta ndi kansalu kouma.

Mazira a nkhuku zachikuda ndi okoma ndipo chikasu chake n'chowala bwino, koma pa ntchito iyi ndimasankha a nkhuku zoikira za kufamu. Ndi ofanana misinkhu, ndiye amapsera limodzi, ndipo dzenje lotsala mukachotsa chikasu ndi lalikulu lokwana kudzazamo. A chikuda ena amakhala atafungatiridwa kale masiku angapo, ndipo zimenezo simungakonde kuzizindikira mutadula dzira pamaso pa ana.

Pa anthu 30, werengani zidutswa ziwiri pa munthu aliyense, poti kukubwera mpunga ndi nkhuku. Ndiye kuti thireyi imodzi ya mazira 30. Onjezani ena 6. Ngakhale kwa wozolowera, angapo amang'ambikabe, ndipo chikasu cha ong'ambikawo ndicho chimathandiza kuti zidutswa zinazo zidzaze mpaka kutumphuka.

Kawiritsidwe kambiri ka m'nyumba mwathu ndi kuika mazira m'madzi ozizira, kuteleka, n'kuwaiwala mpaka madzi atatsala pang'ono kuphwera. Njira imeneyo imabweretsa mavuto anu awiri oyamba pa nthawi imodzi. Yambani ndi kuwiritsa madzi okha. Akabwata, tsitsirani mazira mmodzimmodzi ndi supuni yaikulu, mwaulemu, asagunde pansi pa poto. Kutentha kwadzidzidzi kumalimbitsa msanga kunja kwa choyera kusanagwirane ndi kachikopa kaja, ndipo izi zimathandiza ngakhale pa mazira atsopano. Kuti asang'aluke, atulutseni mu firiji mphindi 20 kapena 30 musanawaphike. Asasanjikizane, poto wamkulu alandire 12 kapena 15 basi, enawo ulendo wachiwiri. Mazira akalowa, chepetsani moto kuti madzi aziwira pang'onopang'ono. Pa mbaula apa ndi povuta, chifukwa makala alibe batani. Phulani makala ena kapena kwezani poto pang'ono, apo ayi mazira azigundana n'kusweka. M'mphindi ziwiri kapena zitatu zoyamba, atembenuzeni pang'onopang'ono ndi supuni kuti chikasu chikhazikike pakati. Chikapendekera mbali imodzi, khoma la mbali imeneyo limapyapyala ndipo limabooka podzaza.

Nthawi yake ikani pa foni, musayerekeze ndi maso. Mabuku ambiri amati mphindi 11 kapena 12 pa dzira lalikulu, koma amenewo amawerengera madzi owira pa madigiri 100. Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi kumeneko amawira pa madigiri pafupifupi 96 kapena 97. Inu ikani mphindi 13. Wa ku Dedza, komwe n'kokwera kuposa apo, akhoza kufika 14, pomwe wa ku Nsanje 12 zimukwanira. Pali njira inanso imene ndimaikonda ikakhala ntchito yaikulu: madzi ochepa chabe pansi pa poto, sefa yachitsulo pamwamba pake, mazira m'sefamo, kuvundikira bwino, mphindi 14. Nthunzi imaphika mofanana, mazira sagundana, ndipo makala sapita ambiri. Za mchere, viniga kapena soda m'madzi owiritsira, anthu amazinena kwambiri. Mchere ndi viniga zimangothandiza kuti choyera chotuluka pa mng'alu chiume msanga. Pa kusenda sindinaonepo kusiyana koti n'kuvutikira.

Mzere wobiriwira uja si kuola ayi, ndipo sudwalitsa. Mu chikasu muli ayironi, mu choyera muli salufa. Dzira likapsa mopitirira, kapena likasiyidwa kuti lizizire lokha m'madzi otentha, ziwirizi zimakumana pamalire pa chikasu n'kupanga mtundu umenewo, pamodzi ndi kafungo kaja kamene kamadzaza nyumba. Mankhwala ake ndi kuziziritsa msanga. Foni ikalira, tsanulani madzi otentha, mazira alowe m'beseni la madzi ozizira kwambiri kwa mphindi 15. Konzeranitu ayisi masiku awiri m'mbuyo poumitsa madzi m'mabotolo apulasitiki mu firiza. Mabotolo amenewa adzakuthandizaninso pa nkhani ya magetsi, ndiye umitsani ambiri. Madzi oziziritsira ndi osendera akhale oti mungamwe, owiritsa kapena othira klorini. Dzirali silibwereranso pamoto, ndipo ino ndi nyengo ya mvula. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 sunatipatse mpata woti tizichita chibwana ndi madzi okhudza chakudya.

Posenda, gogodani mbali yaikulu kumene kuli kampata kaja, kenako ligudubuzeni pa tebulo ndi chikhatho mpaka chigoba chonse chitasweka timing'alu. Sendani dzira lili m'madzi, chala chilowe pansi pa kachikopa. Mukagwira kachikopako, chigoba chimachoka zidutswa zikuluzikulu. Pukutani dzira liume, mulidule mulitali ndi mpeni wakuthwa wopanda mano, ndipo muzipukuta mpeniwo mukadula lililonse kuti choyera chisadetsedwe ndi chikasu.

Tsopano chosakaniza. Chanu chija chinayenderera pa chimodzi mwa zifukwa izi: mayonezi anachuluka, chikasu chinali chikadali chofunda, munathiramo tomato kapena anyezi wamadzi, kapena botolo limene munagula linali la salad cream, amene ndi wamadzi komanso wotsekemera kuposa mayonezi. Werengani pa botolo. Muyeso umene sunandigwiritsepo mwala ndi theka la supuni yaikulu ya mayonezi pa chikasu chimodzi. Pa mazira 12 ndiye kuti masupuni aakulu 6 a mayonezi, masupuni a tiyi awiri a masitadi a m'botolo (mustard), masupuni a tiyi awiri a viniga kapena madzi a mandimu, mchere theka la supuni ya tiyi, ndi tsabola wakuda pang'ono. Pa mazira anu 36 chulukitsani katatu. Koma musakhuthulire zonse pamodzi. Yambani ndi kunyenya chikasu chouma chokha. Foloko imagwira ntchito, koma ngati mukufuna chosalala ngati cha pa zithunzi zija, tikitani chikasu pa sefa ndi kumbuyo kwa supuni. Ndi ntchito yotopetsa dzanja, komabe popanda iyo timibulu tidzatseka kamwa ya thumba lofinyira. Kenako thirani theka la mayonezi, takasani, muone, muwonjezere pang'onopang'ono. Kulimba kwake kukhale kwa chiponde chabwino: mukakweza supuni, nsonga iime yosagwa.

Chinsinsi cha ophika pa maphwando a kotentha ndi batala. Supuni yaikulu imodzi ya batala wofewa pa zikasu 12, m'malo mwa supuni imodzi ya mayonezi, imachititsa kuti chosakaniza chikazizira chigwire mawonekedwe ake. Majarini angagwire ntchito koma kakomedwe kamatsika. Ngati mwapitiriza kale muyeso ndipo chasungunuka, onjezani chikasu cha mazira apadera aja, kapena supuni ya mbatatesi yowiritsa yotikita bwino. Palibe adzazindikire. Polawa, kumbukirani kuti choyera chilibe mchere ndipo chakudya chozizira chimamveka chosakolera, ndiye chosakaniza chikolere pang'ono kuposa momwe mungafunire chikanakhala chokha. Lawani ndi supuni yoyera, osati chala.

Masitadi akasowa musadandaule. Ufa wa curry wokazinga kamphindi mu batala umakoma kwambiri ndi dzira, ndipo kukazingako kumachotsa kukoma kwa ufa wauwisi. Madontho ochepa a Nali amadzutsa chosakaniza chonse. Kambuzi wodula bwino kwambiri ndi wa akuluakulu olimba mtima. Achali ya mango, poti ino ndi nyengo yake, imapereka kuwawasa ndi kuwawa nthawi imodzi, bola muidule tizidutswa ndi kuikhetsa mafuta. Langizo langa n'lakuti mupange mitundu iwiri yokha, wosawawa wa ana ndi agogo ndi wowawa wa enawo, pa mbale zosiyana zooneka mosiyana. Mitundu isanu imangokutopetsani, ndipo alendo sakumbukira kuti uti unali uti. Pa zithunzi za kunja mudzaonanso ambiri akuwaza nyama ya nkhumba yokazinga pamwamba. Pa phwando la banja lalikulu, pomwe pangakhale Asilamu kapena a Seventh Day, isiyeni, kapena nenani poyera.

Za timitengo ta Khirisimasi, mtundu wobiriwira wabwino umachokera ku masamba. Tengani parsley, coriander kapena sipinachi, muviike m'madzi owira theka la mphindi, muziziritse, kenako mufinye mu kansalu koyera mpaka dontho lomaliza. Apa ndi pamene ambiri amagwa: masamba osafinya bwino amabweza vuto lanu la madzi lija. Sinjani masambawo kapena agayeni pamodzi ndi mayonezi musanasakanize ndi chikasu. Peyala limapereka mtundu wokongola koma limada mukangolisiya pa mpweya, ndipo mandimu amangochedwetsa kudako. Utoto wa makeke umagwira, koma kwa ine umaoneka wabodza pa dzira. Kuti mtengo uime, dulani dzira mopingasa m'malo mwa mulitali, ndipo chekani kachidutswa kopyapyala pansi pake kuti likhazikike. Finyani ndi thumba la makeke lokhala ndi kamwa ya nyenyezi, mozungulira katatu, pansi potakata, pamwamba posongoka. Ngati mulibe, thumba lapulasitiki lolimba losungira chakudya lodula pakona limakwanira, kungoti mtengo wake sukhala ndi nthambi. Zokongoletsa zikhale tsabola wofiira wosawawa wodula tinthu ting'onoting'ono, wopukuta pa kansalu, ndi kanyenyezi ka karoti kapena tchizi pansonga. Tomato ayi, amakha madzi. Kunena zoona, pa zidutswa 60 ine ndingapange timitengo 20 tokha toika pakati, zinazo n'kungowaza paprika ndi masamba a anyezi odula. Zofiira, zobiriwira ndi zoyera zakwana kale pamenepo.

Mukafuna china chodabwitsa alendo mosavutikira, wiritsani bitiruti, mutenge madzi ake ofiirawo, muthiremo viniga, shuga ndi mchere pang'ono, azizire. Viikanimo mazira osenda athunthu mu firiji maola atatu kapena anayi. Mukadula, kunja kumakhala kofiirira, mkati koyera. Akagonamo usiku wonse mtundu umalowa kwambiri ndipo choyera chimayamba kulimba. A ku France ali ndi kachitidwe kawo kotchedwa oeufs mimosa, kosiya chikasu china chouma n'kuchisefera pamwamba pa mazira odzaza kale. Ndi kosavuta, ndipo kamabisa paliponse pamene dzanja linanjenjemera.

Mazira odula amaterereka pa mbale. Ku America, komwe chakudyachi sichisowa pa Isitala, pa chikondwerero chawo chothokoza cha Thanksgiving ndi pa madyerero a kutchalitchi, amagulitsa mbale zake zokhala ndi maenje. Inu yalani letesi kapena kabichi wodula bwino, wotsuka ndi madzi abwino n'kuumitsa, kapena pakani kadontho ka chosakaniza pansi pa chidutswa chilichonse. Chimene musachite ndi kuwabwezera mu thireyi ya katoni imene anabweramo. Imaoneka ngati yapangidwira ntchitoyo, koma yakhudzana ndi zigoba zauwisi ndi zitosi, ndipo siitsukika.

Tibwere kwa apongozi. Zithunzi zimene munaonazo zambiri zimachokera kumaiko komwe Disembala ndi nyengo yachisanu ndipo firiji siizima. Ngakhale kumeneko, mabungwe a boma la America oona za chakudya, FDA ndi USDA, amalangiza kuti chakudya chotere chisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kuposa madigiri 32, ola limodzi lokha. Masana a Disembala ku Lilongwe nthawi zambiri safika 32 pamthunzi, koma mu tenti, kapena m'nyumba ya malata yopanda siling'i yodzaza anthu, amafika mosavuta. Ku Salima, Mangochi ndi ku Chigwa cha Shire ingowerengani ola limodzi. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 majeremusi amaswana msanga, ena mpaka kuwirikiza chiwerengero chawo pa mphindi 20 zilizonse, ndipo chikasu chonyowa ndi chakudya chawo chapamtima.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi apongozi ndi pa mayonezi. A m'botolo ogula kusitolo ali ndi viniga wambiri ndipo mazira ake anatenthetsedwa kale kufakitale, kotero kawirikawiri si iwo amayambitsa matenda. Kungoti mukawasakaniza ndi chikasu, kuwawasa kuja kumachepa ndipo chitetezo chimatha. Mayonezi opanga nokha ndi dzira lauwisi ndiwo muwapewe pa phwando lokhala ndi ana, agogo ndi amayi oyembekezera. Gwero lalikulu la vuto ndi manja. Ganizani kuti dzira limodzi limagwiridwa kangati likachoka pamoto: posenda, podula, pochotsa chikasu, posanja, pokongoletsa. Kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus kamakhala pa khungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri athanzi. Kakalowa m'chakudya chofunda kamatulutsa poizoni amene alibe fungo, sasintha kakomedwe, ndipo satha ngakhale mutatenthetsanso. N'chifukwa chake kununkhiza mbale n'kunena kuti ikadali bwino sikuthandiza. Kachilombo kena, Salmonella, kamachokera ku zigoba zauwisi ndi ku nkhuku yosaphika. Pa Khirisimasi nkhuku zimaphedwa ndi kudulidwa m'khitchini momwemo, ndipo mpeni umodzi, thabwa limodzi ndi kansalu kamodzi zimayendayenda. Mazira akhale ndi tebulo lake, mpeni wake ndi munthu wake. Amene ali ndi bala pa chala, chimfine kapena m'mimba apatsidwe ntchito ina. Ana amakonda kuthandiza kusenda, ndipo palibe choletsa, bola asambe m'manja ndi sopo inu mukuona.

Dongosolo limene ndimatsata n'lakuti zinthu zikhale zosiyana ndi zozizira mpaka mphindi yomaliza. Wiritsani pa 23 kapena pa 24, musunge mu firiji ndi zigoba zake. Dzira lowiritsa losasenda limakhala mpaka sabata mu firiji yogwira bwino. Madzulo a pa 24 sendani, dulani, pangani chosakaniza. Zoyera zilowe m'kontena yotseka yoyala pepala la m'khitchini pansi, chosakaniza chilowe m'thumba lake lofinyira lomanga pakamwa. Pa tsikulo musadzaze chilichonse mpaka alendo atafikadi. Tonse tikudziwa kuti mapemphero a Khirisimasi amatalika, ndipo amene anati afika 12 koloko amatulukira cha m'ma 3. Mukasanja mbale yonse 11 koloko kuti tebulo lioneke bwino, maola awiri aja adzatha munthu asanalawe. Akafika, dzazani zidutswa 20, zituluke, zithe, mudzazenso zina. Kudzaza 20 sikutenga mphindi 10 ngati zokongoletsa mwadula kale. Mbale ikhale pamthunzi, pamwamba pa thireyi ya ayisi ngati n'kotheka, yovundikira ndi kaukonde kotchinga ntchentche. Ndipo ituluke poyamba, anthu akadali ndi njala, mpunga usanafike. Ikatuluka pamodzi ndi nkhuku imatsalira, n'kukhala padzuwa mpaka madzulo.

Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi. Pa tsiku la phwando aliyense amaitsegula kufuna zakumwa, ndiye maola anayiwo musawadalire. Apa ndi pamene mabotolo oundana aja amagwira ntchito. Ikani zoyera ndi chosakaniza mu cooler box yakeyake, mabotolo pansi ndi pamwamba, ndipo zakumwa zikhale kwina. Musayese kupulumutsa mazira powaika mu firiza, chifukwa choyera chophika chikaundana chimasanduka cholimba ndi chokha madzi. Ngati magetsi azima usiku wonse, ayisi palibe, ndipo m'mawa mwapeza kontena yofunda, tayani. Mtengo wa thireyi ya mazira ndi wochepa pouyerekeza ndi kugoneka agogo m'chipatala.

Ngati mukuona kuti kuzizira kodalirika simukhala nako, pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuchita zonse pa tsikulo: kuwiritsa alendo atatsala pang'ono kufika, kuziziritsa, kudzaza, kudya, zonse mkati mwa maola awiri chichokereni pamoto. Zimafuna anthu awiri osachita china chilichonse, ndipo ndingachepetse mazira kufika 15 kapena 20. Yachiwiri ndi kusintha mbale: mazira owiritsa athunthu okazinga pang'ono mu anyezi, tomato ndi curry, operekedwa akadali otentha. Palibe chamanyazi pamenepo. Phwando likakula kufika anthu 80 kapena 100, kapena likakhala kutali koti chakudya chiyende pa galimoto, funani wophika wa maphwando wokhala ndi zida zosungira kuzizira, ndipo mumufunse mwachindunji kuti mazirawo adzawadzazira kuti komanso nthawi yanji.

Zotsala pa tebulo zimene zapitirira maola awiri, kapena ola limodzi kukatentha kwambiri, zitayidwe. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mlendo sachoka chimanjamanja ndipo kutaya chakudya kumawawa, koma mazira awa asalowe m'kontena yopita nayo pa minibasi. Apatseni mpunga, keke kapena mandasi. Zoyera ndi chosakaniza zimene sizinatuluke mu firiji mudye mkati mwa masiku awiri. Pa buledi m'mawa wa pa 26 zimakoma.

Musanapereke, funsani makolo ngati pali mwana amene thupi lake limadana ndi mazira kapena masitadi. Munthu akangodya n'kuyamba kutupa milomo, lilime kapena nkhope, kutuluka zidzolo thupi lonse, kapena kubanika, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti muone ngati zichepe. Za m'mimba, poizoni wa Staphylococcus amayamba msanga, pakati pa theka la ola ndi maola 8, ndi kusanza kwamphamvu, ndipo kawirikawiri amatha pa tsiku limodzi. Salmonella imachedwa, kuyambira maola 6 mpaka masiku 6, ndipo imabwera ndi kutsegula m'mimba, kupotokola ndi kutentha thupi. Wamkulu wathanzi amachira ndi kumwa madzi ambiri ndi Thanzi ORS, choncho sungani mapaketi angapo m'nyumba. Musagule maantibayotiki pa golosale mwa inu nokha. Pitani kuchipatala ngati m'chimbudzi muli magazi, thupi latentha kwambiri, wodwala akusanza chilichonse chimene wamwa, sakukodza, maso alowa, wafooka kapena wasokonezeka, kapena kutsegula kwapitirira masiku atatu. Mwana wosakwana zaka zisanu, agogo, mayi woyembekezera ndi aliyense amene chitetezo chake cha m'thupi n'chotsika asadikire zizindikiro zimenezo, apite tsiku lomwelo. Chimbudzi chamadzi okhaokha, choyererako, chotuluka chambiri motsatizana, m'nyengo ino chitengeni ngati kolera: ayambe kumwa ORS ali m'njira. Mukafika auzeni achipatala zimene wodwala anadya ndi nthawi yake, ndipo ngati odwala ndi oposa mmodzi, imbirani mabanja ena amene anali pa phwandolo kuti ayang'anire ana awo.